A Telala Afuna Babu Lofatsa

Galimoto ya a Telala inali ndi magetsi oyaka ngati akupepesa. Ukaima kutsogolo kwake madzulo, unkachita kufunsa ngati ayatsa kale kapena akuganizabe. Mababu ake anali achikasu, otopa, ndipo la kumanzere linkaphethira galimoto ikagwa m'dzenje. Anthu a mumsewu wawo ankaseka kuti a Telala amayendera makandulo. Eni ake sankadandaula ngakhale pang'ono. Magetsi amenewo ankawakonda kuposa makina awo osokera, ndipo chifukwa chake sanauzepo munthu.

Chifukwacho chinali mayi wogulitsa nsalu m'shopu yoyandikana ndi yawo, amene aliyense ankangowatchula kuti Mayi a Nsalu. Onse awiri anaferedwa kalekale, ana anakula n'kuchoka, ndipo popeza ankakhala dera limodzi, akatseka mashopu a Telala ankawatenga mayiwo pagalimoto. Ulendo wake unali waufupi. Munthu wa magetsi abwino akanafika tiyi asanazizire m'kapu. Koma ndi magetsi otere, ndani angathamange? A Telala ankayenda pagiya yachiwiri, chifuwa pachiwongolero, njinga zikuwapitirira, uku akucheza za makasitomala ofuna diresi lothina pathupi losathina, za ulusi wa masiku ano woduka ndi mpweya, za bondo la mayiwo lomwe linkalosera mvula.

Tsiku lililonse ankanyamuka mawu ali okonzeka pakamwa, oti awafunsire mayiwo, ndipo tsiku lililonse ankafika pageti mawuwo ali chikhalire. Ankawakonda, tisabise, ndipo ankaopa. Munthu wodula nsalu ya ukwati ya eni ake dzanja osanjenjemera, koma apa lilime linkauma gwa! Chomwe chinkawatonthoza n'chakuti mawa ulendo udzakhalanso wautali.

Zinasokonekera Loweruka lina m'mawa, mwana wawo wamkazi atabwera. Anali namwino, wozolowera kubaya anthu jakisoni akulira, ndiye kunyengerera sankakudziwa.

“Ababa, valani nsapato. Tikukagula mababu.”

“Mababu a chiyani? M'nyumba muno onse akuyaka.”

“A galimoto. Dzana ndinali kumbuyo kwanu pa minibasi. Munaimira chitsa, mpaka kuchiimbira hutala kuti chiwoloke.”

“Umenewo ndi ulemu, mwanangu. Chikanakhala munthu bwanji?”

“Nsapato, Ababa.”

Shopu ya masipeya inali yopapatiza, yonunkha oyilo ndi labala, mafanibeluti akulendewera kudenga. Mwini wake, bambo wa mimba yofika pakauntala iye asanafike, anali ndi thabwa lokhomapo mababu osiyanasiyana, lolumikizidwa ku batire. Atamva mtundu wa galimoto, anatikita manja.

“Mwafika kwenikweni, bwana. Awa ndi wamba, ofanana ndi amene anabwera ndi galimoto.” Anagunditsa waya, babu n'kuyaka. “Awa ndi owalirapo, oyera bwino, amaponya patali, ndipo salemetsa mawaya. Koma awa!” Anagunditsanso, shopu yonse n'kuyera mbee, mpaka kangaude wa pakona anathawa. “Abuluu awa anyamata amawafera. Kungoti mvula ikagwa msewu suoneka, ndipo amene mukukumana naye amakutukwanirani makolo.”

A Telala anapukuta misozi ya kuwalako, n'kufunsa mwaulemu wonse: “Nanga ofatsa mulibe?”

“Ofatsa?”

“Eya. Odekha. Osadzionetsera. Oti aziwala, inde, koma modziwa malire.”

Wamasipeya anayang'ana namwino uja, namwino n'kuyang'ana kudenga.

“Bwana, chiyambireni ntchito ino, aliyense wolowa pakhomo apo amafuna dzuwa la m'bokosi. Inu ndinu woyamba kufuna mwezi.”

“N'kuganizira anzanga. Maso a anthu ndi osalimba masiku ano. Palinso mbuzi, zikathobwa m'maso zimaima pakati pa msewu. Batire yanganso ndi yokalamba, ingadzidzimuke.”

“Batire siidzidzimuka, Ababa. Tipatseni apakatiwo, achimwene, awiri.”

“Limodzi silingakwane? Tiyambe taona kaye mmene likhalire.”

“Awiri,” anatero namwino. “Galimoto isamayende ngati yatsinzina diso.”

Powapatsa, wamasipeya anakweza chala. “Chinthu chimodzi: galasi la babu musaligwire ndi zala. Mafuta a m'manja akatsalirapo, likatentha limapsa msanga. Gwirani kuchitsuloku.”

A Telala anatchera khutu. Limapsa msanga? Mawu amenewo anawapinda bwinobwino n'kuwasunga mumtima.

Kunyumba anakana zoitana makaniko. Munthu wolowetsa ulusi pasingano popanda magalasi angalephere babu? Analowetsa galimoto m'galaja, natsegula boneti, nachotsa kachivundikiro ka labala, namasula kawaya kogwira babu lakale. Linatuluka litada mkati ngati galasi la nyali. Analiyang'ana ndi chisoni chenicheni. Mwana wawo atapita kukhitchini kukatenga madzi, anatsala okha ndi babu latsopano m'dzanja, lonyezimira, lopanda tchimo. Chala chawo chachikulu chinali ndi girisi wa paboneti. Kungolisisita kamodzi basi, pakutha pa milungu ingapo zinthu zibwerera mwakale.

Chalacho chinayandikira, n'kuima. Anaona m'maganizo babu likuthima pakona ya pamlatho, Mayi a Nsalu ali pampando wa kutsogolo, chikwama pamiyendo. Komanso, kunena zoona, kuwononga dala chinthu chatsopano thupi lawo silinkalola. Telala amene amasunga tizidutswa ta nsalu m'thumba kuopa kutaya sangachite zimenezo. Anausa moyo, natulutsa kachidutswa koyera m'thumbamo, nagwirira babulo ngati khanda.

Anayesa njira ina. Atatseka chitseko cha galaja kuti mukhale mdima, anatenga tepi ndi choko chosokera, nalemba mzere pakhoma woyezera pomwe kuwala kuzifika. Mzerewo anaulemba m'munsi kwambiri, pafupifupi m'mawondo a mphaka.

“Ababa, mukufuna muziunika matayala anu omwe?” Namwino anafufuta ndi chigongono, nalanda tepi, nayeza kuchokera pansi kufika pakati pa getsi, n'kulemba mzere wina wotsikirako pang'ono chabe pa muyezo umenewo. “Zunguzani sikuluwu yokwezera getsilo mpaka kuwala kufike apa.”

Anazunguza. Akanatani?

Lolemba madzulo, mdima utangoyamba, Mayi a Nsalu anakhoma shopu yawo n'kukwera monga mwa masiku onse. A Telala analiza injini, nayatsa magetsi. Msewu wonse unabadwanso. Maenje amene ankawadziwa ndi msana okha anaonekera patali, lililonse ndi kukula kwake. Zikwangwani zinayamba kuwerengeka. Galu amene anali chigonere pamphepete anadzuka mwamanyazi.

“Iii, a Telala! Koma lero ndiye mwatsegula maso!”

“Ndi mwana uja,” anayankha ngati akunena za matenda.

Anayesa kukhalabe pagiya yachiwiri, koma popanda chonamizira zinali zochititsa manyazi. Msewu woyera chonchi, munthu n'kumakwawa? Wa lole kumbuyo anaimba hutala, mwendo nawo unaponda wokha. Nkhani ya ulusi isanafike n'pakati pomwe, anali atadutsa pamlatho. Ya bondo sinayambe n'komwe. Mtima wa a Telala unagunda ngati makina osokera opalasidwa ndi wophunzira: mawa zidzakhala chonchi, mkuja chonchi, mpaka mayiwa adzangokhala munthu wokwera n'kutsika.

Geti la Mayi a Nsalu linatulukira kutsogolo, lobiriwira, lowala ngati masana. A Telala analiyang'ana, nagwiritsa chiwongolero, nalipitirira.

Mayiwo anacheuka, kuliperekeza ndi maso.

“A Telala, geti langa lija latsala.”

“Aa, zoona? Sindinalione.”

“Ndi magetsi amenewa?”

Bodza limenelo likanayenda sabata yatha, koma lero ngakhale nambala ya pageti inaoneka, ndi dzimbiri la pa loko lomwe. A Telala anapatukira pambali, naimitsa galimoto pansi pa mtengo.

“Ndinaliona, Mayi,” anatero. “Kungoti tafika msanga. Ine ulendo uno ndi umene ndimadzukira m'mawa. Magetsi aja sindinkawasintha dala, kuti tizichedwa. Ndimakukondani, ndipo ndikufuna tizitsikira pageti limodzi. Ndanena. Ngati ndalakwa, ndibwerera chambuyo ndikakutuleni.”

Mayi a Nsalu anakonza chikwama pamiyendo, nayang'ana kutsogolo komwe tizilombo tinkavina m'kuwala kwatsopanoko. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. A Telala anaganiza kuti akulira, koma kunali kuseka.

“Bambo inu! Mumayesa ine ndinalibe ya minibasi? Miyezi yonseyi bondo likuwawa ndi maenje anu, njinga zikutipitirira, ine ndili phee, kudikira kuti mwina pakona iyi anena, mwina pamlatho anena. Ndinayamba kuopa kuti tidzakalambira pagiya yachiwiri.”

“Ndiye kuti... mwati bwanji, Mayi?”

“Ndati zimitsani magetsiwo, mukuunika m'nyumba za eni ake.” Anatambasula dzanja n'kuwachotsa kaulusi paphewa la jekete. “Ndipo musatembenuze galimoto msanga. Yambiraninso pamene munati mumandikonda, koma pang'onopang'ono. Pamenepo ndiye munathamanga.”