Ngodya Imene Mvula Inkailambalala

Mvula itakata, anthu onse mu msasa anali atanyowa ngati nkhuku, kupatula a Nissim Gubbay. Mkuluyo anali phee pa ngodya yake, malaya ouma gwa, akumaliza mpunga mosatekeseka.

"Bambo, inu mvula imakuopani?" anafunsa Menashe, wosamalira sunagoge, akufinya chipewa chake.

"Mvula ikakuona litsiro siikata, mwana iwe," anayankha a Nissim. "Ine yandiyang'ana, yapeza zoyera zokhazokha."

Anthu anaseka, koma Menashe mtima sunakhale pansi. Msasawo, momwe Ayuda timadyera pa chikondwerero chathu cha misasa, anaumanga ndi manja ake pabwalo la sunagoge wathu wa mumzinda wa Rangoon, ndipo anaufolera monga lamulo linenera: masamba a kanjedza okha, otalikirana, oti mvula ndi nyenyezi zizipeza polowera. Nanga ngodya imodzi yokha ingaleke bwanji kudontha?

Ayuda tinali titatsala ochepa mumzindamo, ndipo aliyense ankadziwa chifuwa cha a Nissim. Chibayo cha chaka chatha chinatsala pang'ono kuwatenga. Lamulo limalola munthu kulowa m'nyumba mvula ikayamba kugwera m'chakudya, koma mkuluyo anali wamakani osati masewera. Ankati bambo awo sanathawepo mvula mu msasa, ndipo a Nissim akakhala, mpingo wonse unkachita manyazi kudzuka.

M'mawa mwake Menashe anatsamiritsa makwerero, nayamba kufufuza m'masamba. Dzanja lake linakhudza chinthu choterera. Linali pepala la pulasitiki, lobisidwa mwaluso, lomangidwa ndi ulusi wosokera.

"Usalichotse."

Pansi panaima mayi Mozelle, akazi a a Nissim, dengu la buledi lili m'manja.

"Amayi, ndinu? Munakwera bwanji kuno ndi mawondo anuwo?"

"Ndinakwera ndikutukwana, ndinatsika ndikupemphera. Tsika, usandichititse manyazi."

"Koma mukudziwa kuti pansi pa pulasitiki si msasanso. Madalitso onse amene bambo akhala akunena pamenepa..."

"Madalitso ndiwadziwa. Chifuwa chimene ndimagona nacho chipinda chimodzi ndichidziwanso. Iwe ukufuna denga loyera kapena munthu wamoyo?"

Menashe anakanda m'mutu. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Anawamvera chisoni mayiwo, koma chinthu ukachiona wachiona. Sakanatha kuyankha "Ameni" pansi pa denga labodza. Anadula ulusi, napinda pepalalo, nawapatsira m'manja. Mayi Mozelle analilandira osamuyang'ana.

Tsiku lonse Menashe anayenda m'masitolo a anthu a mpingo, akunong'oneza mawu amodzi: dontho likangogwa, aliyense anyamule mbale yake alowe m'nyumba, tiwasiye okha a Nissim tione ngati adzakhala. Za pulasitiki sanauze munthu.

Madzulo, msuzi wa nkhuku utangoikidwa patebulo, kumwamba kunachita bii. Madontho anayamba. Limodzi linagwera pamphumi pa a Nissim, lina m'mbale mwawo. Mkuluyo anakweza maso kudenga, kenako anakodola Menashe ndi chala.

"Ndiwe walichotsa?" ananong'ona.

Menashe anawerama pafupi nawo. "Mumadziwa, bambo?"

"Ndakalamba maso, osati makutu. Mvula pa pulasitiki ili ndi kaliridwe kake. Madalitso ndimanenera nditasendera kumene kukudontha, sunaone?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Mkazi amene amalephera kukwera sitepe ya pakhomo wakwera padenga chifukwa cha ine. Ndikanamudzudzula ndi pakamwa pati?"

Anthu anali atagwira kale mbale zawo, akudikira kuti Menashe adzuke. Mayi Mozelle okha ndiwo sanagwire kanthu. Anachoka pamalo awo, nakakhala pafupi ndi amuna awo pomwe pankadonthapo, manja ali pamiyendo, madzi akuyenderera pa mpango wawo.

"Mayi, kaloweni, munyowa," anatero a Nissim.

"Ndinu nokha munali ndi bambo osathawa mvula? Idyani, ndikudikirani."

A Nissim anatsokomola, nawayang'ana akazi awo kwa kanthawi. Kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo, nadzuka pang'onopang'ono, mpingo wonse usanasunthe.

"Mwakhaliranji ngati zitsiru?" anakuwa. "Simukuona kuti mvula yagwera mu msuzi? Lamulo likuti tilowe!"

Ananyamula mbale ziwiri, yawo ndi ya akazi awo, natsogola kulowa m'nyumba.