Yesani Kaye pa Mpendero

Fomu ija inakhala masiku anayi m'thumba la epuloni ya amake Kamera, mpaka inayamba kununkhira sopo. Sukulu ya mafilimu inali itamutenga mwana wawo, koma inkafuna kuti kholo lisaine Lachisanu lisanadutse. Lolemba lake, mwana yemweyo ankayembekezeka kukayamba ntchito m'sitolo ya mankhwala, ntchito imene mayiwo anachita kuigwadira kwa mlamu wawo. Mlamuyo sapemphedwa kawiri.

Dzina loti Kamera mtsikanayo analitola kusukulu, chifukwa sankatha kuona chinthu osachiloza ndi foni.

"Amayi, mwasaina?" anafunsa m'mawa wa Lachinayi.

"Chotsa foniyo kumaso kwanga, sindinasambe."

"Sindikukujambulani."

"Nanga ukuiwotha?"

"Mawa ndi Lachisanu, amayi."

"Masiku ndimawadziwa. Ndinakubereka Lachiwiri."

Kuntchito, kumalo ochapira zovala, mutu sunali wawo. Zaka makumi awiri akusita, tsiku limenelo anatsala pang'ono kuwotcha kolala ya malaya a eni. Wotsogolera filimu amadya chiyani? Amadzuka n'kupita kuti? Wa m'sitolo ya mankhwala amavala choyera, mwezi ukatha amadziwa kuti watha. Koma akakumbuka mmene nkhope ya mwanayo inawalira tsiku limene kalata ya kusukuluko inabwera, ankaiwala kuti simbi ili pansalu.

Nthawi yopuma itakwana, anawoloka msewu n'kulowa m'kachipinda kali pakati pa ometa ndi odula makiyi. Mmenemo munkakhala bambo wojambula maukwati, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Mwetulirani.

"Bambo, ndili ndi mphindi khumi. Inu za mafilimuzi munazipitira kusukulu?"

"Ine? Sukulu yanga ndi maukwati amene ndinawononga. Mkwatibwi woyamba ndinamudula mutu pachithunzi, mpaka lero apongozi ake akandiona amawoloka msewu."

Amake Kamera sanaseke. Anafotokoza za fomu ndi za sitolo ya mankhwala, n'kuwapatsa foni. Munali kafilimu ka mphindi zinayi kamene mwanayo anawajambula akusita Loweruka lina.

"Muone, mundiuze zoona. Musandinyengerere, si ine mkwatibwi."

Bamboyo anavala magalasi. Kafilimu katangoyamba, chipinda chonse chinadzaza ndi kulira kwa makina ochapira. Pagalasi la foni, milomo ya amake Kamera inkagwedera.

"Apa mukuti chiyani?"

"Ndinkamuuza mmene ndinayambira ntchitoyi bambo ake atamwalira."

"Ine ndikumva makina okha. Anakuimikani pawindo poti pali kuwala, osaona kuti makina ali kumbuyo kwake. Waiwala kuti filimu ili ndi makutu."

Mtima wa mayiwo unagwa. Ndiye kuti mwana satha. Akanayenera kupepukidwa, nkhani yatha, Lolemba akavale choyera. Koma sanapepukidwe. Anatambasula dzanja kuti atenge foni yawo.

"Dikirani," anatero a Mwetulirani, n'kubweza kafilimuko m'mbuyo. Nkhope panalibe tsopano. Linali dzanja lokha likutembenuza diresi, kugunditsa nsonga ya simbi pa mpendero wamkati, kuichotsa, kudikira, kusisita ndi chala. "Anamuuza ndani kuti adikire pamenepa?"

"Palibe. Ndi mmene timagwirira ntchito. Nsalu yosaidziwa umayamba wayesa mkati, kuti ikapsa ipse pobisika."

"Ine ndikanaloza nkhope yanu n'kukuuzani kuti mumwetulire. Iyeyu waona dzanja. Maso oterewa kusukulu sagawa, mayi. Za makutuzo ndiye amaphunzitsa, mwezi umodzi adziwa. Ine zinanditengera zaka khumi ndi kutukwanidwa kosawerengeka."

"Ndiye akamaliza, ntchito aipeza?"

Bamboyo anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ndikudziwa awiri amene anamaliza sukulu yotero. Wina dzina lake limalembedwa pa TV. Winayo ndi mayi wa ana atatu, amandinyamulira nyale Loweruka."

"Wanga adzakhala uti?"

"Ndikanadziwa zimenezo, bwenzi ndili m'kachipinda kano?"

"Ndinabwera kudzatenga yankho, mwandipatsa mutu waching'alang'ala," anatero amake Kamera akutuluka.

Masana onse anangosita. Diresi lililonse ankalitembenuza, kuyesa, kudikira. Mwana yekha ndiye analibe mpendero wamkati. Ukamuika simbi, waika pamaso pomwe, ndipo akapsa aliyense aona.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Kamera ankatsuka mbale. Pachitseko panali patapachikidwa malaya oyera a kusitolo ya mankhwala. Foni ya mtsikanayo inali patebulo, chafufumimba. Kuwala kunkalowa pawindo n'kugwa bwinobwino pa thovu la m'manja mwake, koma iye sanakuyang'ane n'komwe.

"Amayi, musavutike," anatero osatembenuka. "Ndikayamba Lolemba. Malaya ndasita kale."

Amake Kamera anayang'ana malayawo. Anasitidwa bwino, opanda khwinya ngakhale limodzi. Anayang'ananso foni yogona ija. Zaka zonsezi akhala akukalipa kuti ichoke kumaso kwawo, lero yachoka, ndipo mantha amene anawagwira anaposa a sabata yonse.

Anakhala pansi, n'kutulutsa fomu.

"Cholembera chili kuti m'nyumba muno?"

"Amayi?"

"Wagontha? N'chifukwa chake filimu yako ilibe makutu. Ndinakuuza moyo wanga wonse, anthu n'kumva makina. Ukaphunzire zimenezo poyamba."

Anasaina, dzina n'kutuluka lokhota ngati la mwana woyamba sukulu. Kamera anafuna kuwakumbatira ndi manja a thovu.

"Usanyowetse pepala, iwe! Ndipo usandithokoze. Sindikudziwa ngati ndachita bwino."

Mtsikanayo anatenga fomu ndi nsonga za zala. Amake Kamera anatsala patebulo, akuyang'ana malaya oyera aja. Kenako anatulutsa foni yawo, n'kufunafuna nambala ya mlamu. Inalira kamodzi, kawiri. Anapukuta chikhatho pa epuloni.

"Alamu, muli bwanji? Ayi, tili bwino... Mwakhala pansi?"