Mbuzi ya Ukwati wa Lena

Chaka chimene Lena, mwana wathu wotsiriza, ankakwatiwa, nyama mu Lusaka inali ya mwayi. Unkaima pamzere kubutchala kuyambira m'mawa n'kubwerako ndi mafupa. Tsono apongozi athu anali a ku Kabulonga, anthu odya ndi foloko, ndipo ine Regina ndinalumbira kuti sadzandiseka. Ndinatumiza mawu kwa alongo anga ku Katete, iwo n'kutibweretsera mbuzi pa lole, yonenepa bwino.

Tinaimangirira kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone. Amuna anga ba Abednego, mesenjala wa m'boma, ndiwo ankaidyetsa. Akaweruka ankadzera kumsika kukatola masamba a kabichi, mbuzi n'kumalira ikangomva belu la njinga yawo. Ndinawachenjeza kuti ndiwo sacheza nazo, koma anangoseka.

Kutatsala milungu iwiri, mbuzi inayamba kutsokomola, mamina chuchuchu, kudya osadya. Ndinachita mantha, kunena zoona. Amuna anga anakatenga ba Chibesa, dokotala wa ziweto, amene anati ndi chibayo. Ine tsikulo ndinali kwa telala, choncho zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangopeza kabotolo ka penisilini ndi jakisoni pa tebulo.

Abale inu, munthu amene amatsinzina akangoona nesi, anaphunzira kubaya! M'mawa uliwonse ankawiritsa singano m'kapoto kanga ka tiyi, kukhutchumula botolo, n'kubaya pantchafu uku akupepesa, "Pepa mwana, pepa." Masiku asanu, osadumphitsa ngakhale limodzi. Mbuzi inachira, ine chitsiru n'kumawatama kwa aneba.

Lachisanu, ukwati uli mawa, alongo anga ananola mpeni. Ba Abednego anakaima kutsogolo kwa mbuzi, chipewa chili m'manja.

"Iyi siidyeka," anatero. "Mankhwala akali m'nyama. Ba Chibesa anakamba kuti paka mwezi usile."

Mayo ine! Kudikira mwezi wathunthu? Ndinamanga chitenje n'kuthamangira kwa ba Chibesa, ndikuganiza kuti mwina nkhalamba yanga ikunama.

"Ni zoona, amai," anatero dokotalayo. "Mukadyesa bantu, benangu bangadwale. Ninabauza siku loyamba kuti bakuuzeni, musakile nyama inangu."

Ndinabwerera ndikutukutira ndi mkwiyo. Ndinawapeza atakhala pa njerwa, mbuzi ikuwatafuna kolala ya jekete.

"Milungu iwiri muli duu, mukudya nane mbale imodzi! Alendo a ku Kabulonga adya chiyani mawa? Kabichi? Mwandivula pagulu, bambo inu!"

"Nikanakuuza, sembe unaipha siku lamene lija."

Pamenepo sanandinamizire, ndikanaipha ndithu. Koma sindinafune kugonja, ndinalalata mpaka aneba anayamba kusuzumira pa mpanda. Iwo anangondilekerera mpaka mpweya unandithera, kenaka anayankhula osandiyang'ana.

"Amake Lena, mwana ayenda mawa. Bonse banayenda. Lekako chimodzi chizinililila nikabwela ku nchito."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse ngati ine ndine chitsa pakhomo pano. Koma ndinaona maso awo ali jenjenje ndi misozi, munthu amene sindinamuonepo akulira chikwatirane. Ine ndinatanganidwa ndi madiresi ndi mapoto, osaona kuti mnzanga akulira mwana wake yekhayekha kuseri kwa nyumba.

Ndinalanda mpeni m'manja mwa alongo anga, n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo kufunsa amene ali ndi nkhuku.