Waya wa M'mpanda wa Nazale

"Ababa, tayimitsani kaye pampuyo," anatero Mervis atagwada pampanda wa udzu wozungulira nazale ya fodya.

A Zakeyo Mphepo sanatembenuke n'komwe. Anali kuyang'ana madzi akudontha mumgolo ngati misozi, pomwe sabata yatha ankathovoka. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Chulu likuwotcha, ndipo mbande za m'mabedi asanu aja ndizo zinali fodya yense wa chaka chimenecho.

Pampuyo inkayendera sola. Poopa akuba, a Zakeyo anasiya sola ndi batire kunyumba, n'kukoka waya mpaka kudambo. Wayayo atapelewera, analumikiza wina popotokola ndi zala, pamfundopo n'kukulunga pepala la shuga. Kenako anamubisa yense mkati mwa mpanda wa udzu. Nzeru imeneyi ankaikamba pa bawo paliponse.

Mervis, mwana wawo wachiwiri, anali atangobwera kumene kuchokera kosulidwa ntchito ya zamagetsi. Anatulutsa kamita kake koyezera, n'kugunditsa timawaya take uku ndi uku kwa mfundo ija.

"Kubatire kukuchoka mavoliti 12, koma pampu ikulandira 9 okha. Atatu akuthera pamfundo panopa."

"Atatu okha? Ndiye ulirepo maliro?"

"Mverani, ababa. Muwayamu mukuyenda maampu khumi. Tikagawa atatu ndi khumi tipeza mmene mfundoyi ikukanira moto kudutsa, ndipo ikukana kuposa waya yense. Tikachulukitsa atatu ndi khumi tipeza mawati makumi atatu. Amenewo sakupopa madzi ayi, akusanduka kutentha pamalo ochepa ngati chala chanu chachikulu. Takhudzani."

A Zakeyo anakhudza, n'kubweza dzanja msanga, koma nkhope anaiumitsa.

"Ndi dzuwa limenelo. Iwe masamu ako ukawerengere anzako a ku Lilongwe. Galu wamkota sakandira pachabe, mwanawe. Ndinayamba kufesa fodya amako asanakubale."

"Ndiye tingomutulutsa muudzumu, akhale poyera."

"Kuti akuba amuone? Mawa tidzapeze atapita ndi waya ndi pampu yomwe? Ndipo ndikaizimitsa, mbandezi zimwa mawati akowo?"

Mervis akanatha kungosolola waya kubatire, nkhani n'kutha. Koma pampu inali ya bambo ake, munda wa bambo ake, ndipo mwana wamkazi wothimitsira bambo ake chinthu pamaso pawo mudzi wonse ukanamunena. Ulemu umenewu ndi umene unamupweteka pambuyo pake.

"Ndipite pa sitolo ndikagule cholumikizira chenicheni," anatero. "Chonde muizimitse mpaka ndibwere."

"Pita, injiniya," anaseka a Zakeyo.

Mervis anakwera njinga. Pa sitolo yoyamba analibe, yachiwiri inali yotseka, mwini wake atapita kumaliro. Anachipeza kwa wokonza mawailesi dzuwa lili paliwombo. A Zakeyo nawo, ataona kuti mgolo ukuchedwa kudzadza, anaisiya pampu ikulira n'kupita kukaunga mizere kumunda wa kumtunda.

Utsi Mervis anauona ali patali, ndipo mtima unamuuza msanga kumene ukuchokera. Anapalasa mpaka tcheni kuguluka, njinga anaitaya panjira n'kuthamanga wapansi.

Anapeza anthu atadzadza kudambo, ena ndi zitsamba, ena ndi ndowa. Mpanda wonse unali utagwera mkati, moto n'kulowa m'maudzu ophimbira mabedi. Mabedi anayi anali bii. Bedi lachisanu linatsala chigawo, koma mbande zake zinali zitafota ngati zothiridwa madzi otentha. A Zakeyo anali chiimire pakati pa phulusa, kheni yothirira mbande ili m'manja yopanda madzi, nsidze zitawauka.

A Esau, oyandikana nawo dimba, ndiwo anayamba.

"Ine ndinamuona mtsikanayu m'mawa akugwiragwira mawaya. Zamagetsi n'za amuna izi. Taonani tsopano."

Ena anavomera chapansipansi. Mervis anangoweramitsa mutu, kacholumikizira kaja katafumbatidwa m'dzanja, misozi ikutsika. Kuyankha kukanakhala kuvula bambo ake pagulu, ndipo anali atatsimikiza kusenza mlanduwo.

A Zakeyo anaika kheni pansi.

"A Esau, musiyeni mwana. Anandiuza m'mawa, anandigwiritsa ndi dzanja langali, ine n'kumuseka. M'khutukumve anamva nkhwangwa ili m'mutu. Wawotcha nazale ndine."

Anthu anayamba kutola ndowa zawo mmodzimmodzi.

Atatsala awiri, Mervis anagwada pabedi lotsala lija n'kuyamba kufukula phulusa pofuna zamoyo.

"Tifesenso, ababa. Ndikonza waya lero lomwe."

"Mbande zimafuna miyezi iwiri, mama. Mvula siidikira munthu." A Zakeyo anamuyang'ana. "Dzuka, ungadetse chitenje."

Anayesabe kupempha mbande kwa anzawo, koma chaka chimenecho dzuwa linali litapsereza nazale zambiri, ndipo aliyense ankaumira zake. A Esau anawapatsa zodzadza beseni limodzi, zokwana mizere isanu ndi umodzi.

Mvula yobzalira inagwa kumayambiriro kwa Disembala. M'mawa mwake njira yonse ya kudambo inadzadza anthu osenza madengu a mbande, akuitanizana ndi kuseka. A Zakeyo anamaliza kuwokera mizere yawo dzuwa lisanakwere, mbali yonse yotsala ya munda ili mbee. Anatsuka khasu, nakhala pakhonde kuyang'ana anzawo akudutsa. Mervis anawabweretsera tiyi, ndipo atabweranso anapeza tiyiyo atazizira pomwe anamusiyapo.