Kalaputopu Kodziyesa Foni

Kunyumba kwathu amanditchula a Injiniya. Musanyengeke nalo dzinali. Ntchito yanga ndi yosakaniza penti mu shopu ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo uinjiniya wanga wonse ndinauphunzira pa mavidiyo a pa intaneti, bwana akatuluka. Anandipatsa dzinali ndi akazi anga, tsiku lomwe ndinakonza ayironi n'kuzimitsa magetsi nyumba yonse. Ine chitsiru, ndinalilandira ndi manja awiri.

Ndiye akazi angawo anaitanidwa ku mafunso a ntchito. Famase ina yaikulu inkafuna wogulitsa mankhwala, ntchito yomwe iwo anaiphunzira koma akhala akuisaka chibadwire mwana wathu wachiwiri. Mafunsowo anali a pa vidiyo, kudzera pa kapulogalamu kena kogwira pa foni pokha. Foni yawo kamera yakutsogolo inafa kalekale. Yanga galasi linasweka moti nkhope ya munthu imaoneka zidutswazidutswa.

"Ndikabwereka ya achemwali," iwo anatero.

"Kubwereka? Injiniya ali m'nyumba muno?"

Tinali ndi kalaputopu kotchipa, kakang'ono, komwe ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito. Ukakayatsa umatha kukasamba n'kubwerako kasanadzuke. Ndinali nditaona pa vidiyo kuti timakompyuta totere mutha kutichotsa ubongo wake n'kuikamo ubongo wa foni, ndiye timathamanga, komanso timalandira mapulogalamu onse a pa foni. Bambo wa mu vidiyoyo anachita zonsezi uku akumwa tiyi.

Ine zinandidyera Loweruka ndi Lamlungu lomwe, thebulo lodyera litadzaza mawaya, ana akudyera pansi. Koma kanayaka! Kanayaka msanga, mitundu ili waliwali, ndipo ine ndinayendayenda m'nyumbamo chifuwa chili patsogolo. Kapulogalamu ka mafunso kaja ndinakaikamo, chizindikiro chake chinaoneka pa sikirini, basi ntchito yatha. Kukatsegula kuti ndikayese? Ayi, akatswiri sitikayikira ntchito ya manja athu.

Tsiku la mafunso akazi anga anavala bulauzi yoyera n'kukhala pampando pabalaza, mapepala awo ali pamiyendo. Ana tinawatumiza kwa aneba. Nthawi itatsala pang'ono kukwana, ndinatsegula kapulogalamu kaja mwaulemu wonse.

Zonse zinagona chammbali.

Vuto linali lakuti kalaputopu kanakhulupirira ndi mtima wonse kuti tsopano ndi foni. Foni imaima choongoka, laputopu ndi yotambalala, ndipo kapulogalamuko za kutambalala sikankazidziwa. Malemba anagona, mabatani anagona, nkhope ya akazi anga inagona ngati wodwala pabedi. Ndinakanda sikirini ndi chala monga timachitira pa foni. Sikirini yake si yogwira ndi chala, ndinangosiyapo mafuta.

"A Injiniya," iwo anatero motsitsa mawu, ndipo mawu otsitsawo ndimawaopa kuposa kukuwa. "Ya achemwali ija inalitu yabwinobwino."

Kwa achemwali awowo n'kutali, sakanabwerako nthawi ikadalipo. Ndinanyamula kalaputopu n'kukatembenuza chammbali ngati buku lotsegula. Nkhope inaongoka! Ndinayesa kukaimika choncho pathebulo, koma waya wa chaja unali kumbali yapansiyo, ndipo batire lake ukangolichotsa ku magetsi limakomoka pomwepo. Nditatembenuzira mbali inayo, akazi anga anaoneka mutu uli pansi, ndiye ndinakabwezera mbali yoyamba ija n'kukagwira m'manja. Kabelu ka mu pulogalamu kanayamba kulira, kusonyeza kuti a ku famase akuimba.

"Gwirani choncho," iwo anatero. "Musayankhule. Ngati n'kotheka musapume."

Ndinagwada patsogolo pawo, manja m'mwamba, kalaputopu kali pakati pa nkhope yanga ndi yawo. Ofunsawo sindinkawaona, ndinkangowamva: mayi wina wa mawu olemera, amene anati ndi mkulu wa famaseyo, ndi bambo wina wothandizana naye.

Aliyense wonena kuti laputopu yaing'ono ndi yopepuka abwere adzaigwire m'mwamba atagwada pa simenti. Poyamba anayamba ndi mapewa. Kenako kafani kake kanayamba kundiuzira mpweya wotentha m'manja. Kenako mphuno inayabwa, kuyabwa kwake kwa dala, ndipo thukuta linatsika n'kulowa m'diso. Uku akazi anga akuyankha bwinobwino, za kasungidwe ka mankhwala oopa kutentha, za kasitomala wobwera wopanda pepala la dokotala n'kumakalipa. Ndinanyadira, ndinene zoona. Koma ndinachitanso mantha kwambiri, poti ntchito imeneyi ikanawapulumuka, wowaphonyetsa ndikanakhala ine, munthu wogwada pansiyu.

"Pepani mayi," anatero mkulu uja, "chithunzi chanu chikugwedera. Kodi ndi netiweki?"

"Ayi, ndi poikira pake," anayankha akazi anga nkhope ili gwa. "Mpotha ntchito ndithu."

Ndinaluma mlomo. Ndinakanikiza zigongono m'nthiti kuti manja asanjenjemere, ndipo mumtima ndinapempha mavidiyo onse a pa intaneti apse.

Funso lomaliza linachokera kwa bambo uja. "Kuno mankhwala onse otuluka timawalowetsa mu kompyuta. Itakuvutani muli nokha, mungatani?"

Akazi anga anayang'ana mu kamera. Kenako maso awo anasuntha pang'ono n'kupeza anga.

"Ndingaitane amene anaiphunzira ntchitoyo, ndipo ndingawadikire," iwo anatero. "Munthu wa mtima wabwino wongoonera mavidiyo, ngakhale nditamukonda chotani, sindingamulole kuiyandikira."

Kalaputopu kanaphulika ndi phwete la anthu awiri, m'manja mwanga momwemo. Ine chilolezo choyankha ndinalibe.

"Mayi, mukuyankhula ngati munakumana nazo," anatero bamboyo.

"Ndikukumana nazo, bwana."

Mkulu uja anakonza kukhosi, mawu akadali ndi chiseko. "Amene atigwirira kompyutayo muwauze atsitse manja. Chala chawo chachikulu takhala tikuchiona pakona chiyambire. Munthu woyankha modekha chonchi zinthu zitasokonekera ndi amene tikumufuna. Mudzayambe Lolemba."

Sikirini inada. Akazi anga anandilanda kalaputopu n'kukaika pathebulo. Manja anga anatsala m'mwamba momwemo, ouma gwa, osamva chilichonse. Akazi angawo anawatsitsa okha, limodzi kenako linzake, misozi ikutsikira pa bulauzi yoyera ija.

"Ndalembedwa ntchito, bambo a ana," anatero. "Mwamva? Ndalembedwa!"

Ndinafuna kuwakumbatira koma manja anakana kudzukanso. Anachita kuwanyamula okha n'kuwaika pamapewa pawo.