Chingwe cha Mahedifoni a Saulosi

"Chingwecho musamange choncho, alamu," anatero Evah.

Kaitano anapitiriza kukulunga chingwe cha mahedifoni pa wailesi, akukoka ngati akumanga mbuzi ya kumsika. Linali tsiku logawa katundu wa malemu Saulosi, mkulu wake wa Kaitano, m'kanyumba ka ku Sakubva, kudziko la eni, ufulu wa dzikolo ukadali wakhanda. Jekete linapita kwa amalume, nsapato kwa msuweni. Evah, mkazi wa malemu, anapempha chinthu chimodzi basi: wailesi imene mwamuna wake ankasakira mawu a ku Malawi akaweruka kunjanji.

"Wailesi ndi ya amuna," anatero Kaitano. "Inu nkhani mumazimva kumpopi."

Chingwe chimenecho Saulosi ankachilera kuposa ana. Ankachizunguliza mofewa padzanja lonse, osachipinda pakhosi pa pulagi, n'kuchikoloweka pamsomali. Mwana akangochikhudza, nkhondo imene inali itatha m'dziko inkayambiranso m'nyumba.

Kaitano anaponya zonse m'chikwama n'kukhala pansi kudya, pakuti chisoni chake sichinafike kumimba.

Dzuwa lili pamutu anatsegula chikwama kuti atenge fodya. Anauma. Chingwe chinali chitachoka pa wailesi, chili pambali, chozungulizidwa bwinobwino ngati nkhata.

"Maiwe! Wagwira ndani?"

Chikwamacho anali atachitsamira yekha.

Anamanganso, ulendo uno ndi mfundo, n'kufungatira chikwamacho pamiyendo anthu onse akuona. M'nyumba munazizira. Msomali wa pakhoma uja unayamba kulira, ti, ti, ti, monga imalirira njanji sitima ikadali kutali. Kaitano anasuzumira m'chikwama. Mfundo panalibe.

"Achimwene," anatero ndi timawu ta mwana, maso ali kudenga, "inetu ndimangowasungira alamuwa."

"Sungirani patebulopo," anatero Evah.

Kaitano sanadikire n'komwe basi. Anauyamba wapansi, chipewa n'kuchisiya pampando.

Anthu atabalalika, Evah anatambasula chingwecho pang'onopang'ono, n'kuvala mahedifoni. Mabatire anatha kalekale, m'masiku a matenda. Komabe m'katimo munali kupuma, kupuma kwa munthu wokhala phee. Evah anamvetsera, manja ali pamaondo.

Kenaka mbali ya kumanzere inatsetsereka yokha, n'kusiya khutu lake poyera. Ndi mmene Saulosi ankavalira masiku onse, kuti mkazi wake akamuitana kukhitchini, asaitane kawiri.