Chala pa Batani

Aphunzitsi analowa mu shopu ya wokonza mawailesi osapereka n'komwe moni, n'kuponya kafulashi kosungiramo nyimbo patebulo ngati chinthu chonunkha.

"Amuna anga mwawasiya kuti?"

Wokonza mawailesiyo, bambo waimvi amene aliyense ankangomutchula kuti a Waya, anaika pansi sikuludiraiva n'kukweza magalasi.

Nkhani yake inali iyi. Amuna awo a Aphunzitsi, omwe anamwalira chaka chatha, anali muulutsi. Kwa zaka khumi ndi ziwiri, Loweruka lililonse masana, ankaika pa wailesi nyimbo zachinyamata za masiku amenewo, zija zovina mpaka nsapato kung'ambika. Maliro atatha, Aphunzitsi anapita kunyumba youlutsira mawu kukapempha pulogalamu imodzi yokha kuti azimvako mawu a malemuwo. Kumeneko anawauza, akumwetulira ndithu, kuti matepi akale anawafufuta n'kujambulapo zanyengo. Zaka khumi ndi ziwiri za munthu, kuzifufutira mvula yomwe mwinanso sinagwe! Anthu ena mitu ndi yongovalira zipewa basi.

Ndiye anakumbukira katoni ya pamwamba pa wadilopu: makaseti makumi atatu omwe anajambula okha pa pulogalamu yomweyo ali mtsikana, asanakumane ndi muulutsiyo. Wailesi yawo ya kaseti inafa kalekale, choncho anawapereka kwa a Waya kuti awasamutsire pa fulashi. Anadikira masabata atatu. Dzulo lake anamvetsera kuyambira m'mawa mpaka khutu kuwawa. Nyimbo, nyimbo, nyimbo. Mawu a amuna awo, olo pang'ono.

"Ndinati musamutse, sindinati mudule!" anakalipa. "Anakutumani ndani kuti muyeretse? Nyimbozo ndikanazifuna bwenzi nditazipeza paliponse. Ine ndimafuna munthu amene amalankhula pakati pa nyimbozo!"

"Amayi, takhalani kaye pansi."

"Sindikhala! Mpando wanuwo undibwezera mwamuna?"

A Waya anawerama. Anasolola katoni ija pansi pa tebulo, kutengamo kaseti imodzi, kuizungulitsa ndi cholembera kuti tepi ikungike, n'kuilowetsa mu makina. Nyimbo inalira, gitala ndi malipenga. Itangotsala pang'ono kutha panamveka kha! ndipo ina inayamba.

"Mwamva kaphokoso ako?" anafunsa a Waya. "Iyi ndi kaseti yanu yeniyeni, sindinaikhudze. Kha ameneyo ndi batani loimitsira. Amene ankajambula ndi yemwe ankadula."

Aphunzitsi anakumbukira za utsikana wawo. Anadziona okha m'kachipinda ka kwa makolo awo, atagwada pambali pa bedi, chala chili chire pa batani. Muulutsi akangokoka mpweya kuti alankhule, iwo kha! "Tseka pakamwa, wolongolola iwe, ukuononga nyimbo!" Ankanyadira chala chimenecho. Anzawo onse ankabwereka makaseti awo poti anali oyera, opanda zokambakamba. Atakwatiwa naye wolongololayo sanajambulenso. Ungajambulirenji munthu amene amayamba kulankhula asanasukusule?

Mkwiyo sunathe ayi, unangosowa kolowera. Anali atatukwana anthu a kuwailesi mumtima kwa chaka chathunthu, usiku wathawu n'kuwonjezerapo a Waya, pamene wofufuta woyamba anali naye m'dzanja lawo lomwe. Anachiyang'ana chalacho ndi chidani chenicheni, ngati angachilume.

"Komabe nthawi zina munkachedwa," anatero a Waya motsitsa mawu. "Tizidutswa tomwe tinapulumuka ndinatitolera n'kutilumikiza padera. Ndimaopa kukupatsani, n'tochepa kwambiri."

"Tochepa bwanji?"

"Makaseti onse makumi atatu, masekondi asanu ndi anayi."

Apa m'pamene Aphunzitsi anakhala pampando uja. A Waya anatembenuza kompyuta n'kudina.

"Moni kwa..." Kha. "Eee, abale..." Kha. "Iyi ndiye ya..." Kha. Kenako theka la kuseka, kuseka kuja kotulukira m'mphuno komwe kanawasowetsa mtendere zaka makumi atatu. Misozi inangoyamba yokha, ndipo sanaipukute. Kachidutswa komaliza kanali kotalikirapo, mwina tsiku limenelo anali atatembenukira kukhomo:

"Musatseke wailesi yanu, ine ndikadali na..."

Kha.

Kompyuta inabwerera poyamba n'kuyambanso yokha. "Moni kwa..." A Waya, powamvera chisoni, anatambasula dzanja kuti aimitse.

Aphunzitsi anawagwira pamkono mwamphamvu mpaka magalasi anatsetsereka.

"Chotsanipo chalacho," anatero. "Musiyeni alankhule."